Mmene mungalembere mbiri ya gulu lanu la oyendetsa maboti, potengera makaputeni a ku Copenhagen

Mumzinda wa Copenhagen ku Denmark muli bungwe la makaputeni a sitima zapamadzi lomwe linayamba m'chaka cha 1634, nthawi ya mfumu Christian IV. Linayamba ndi dzina lakuti Københavns Skipperlav, pano limatchedwa Københavns Skipperforening, ndipo likadalipo. Litakwanitsa zaka 300 mu 1934 kunatuluka buku lathunthu la mbiri yake. Ine ndine mlembi wa kagulu ka oyendetsa maboti a injini padoko lathu kuno ku Mangochi, ndiye nditawerenga za bungweli funso langa linali limodzi: munthu wolemba za zaka 300 zoti alembezo amazitenga kuti? Mbiri ya mabungwe oterewa ku Denmark imachokera m'mabuku osasangalatsa n'komwe kuwerenga. Ndi mabuku a misonkhano, a zopereka, a mayina a olowa m'bungwe ndi a malamulo awo. Munthu wina anakhala pansi n'kulemba kuti uje wapereka zakutizakuti, mayi wamasiye wa uje walandira zakutizakuti, ndipo amene anabwera pambuyo pake sanataye bukulo.

Ife kuno tili ndi magulu a asodzi, a eni zilimira (maukonde ogwirira usipa ndi utaka), a onyamula anthu ndi katundu kupita kwa Makanjira, a maboti a alendo ku Chembe. Ena akhala zaka makumi angapo, koma mukafunsa kuti anayambitsa ndani mumva mayina atatu osiyana. Ndalemba izi kwa mlembi mnzanga, kapena mwana wa kaputeni, amene akufuna kuti mbiri ya gulu lake ilembedwe eni ake akadali moyo.

Choyamba dziwani kuti bungwe la ku Copenhagen lija linali chiyani, chifukwa zikuthandizani kudziwa zoti mufunefune. Kalelo ku Denmark anthu a ntchito imodzi mumzinda, kaya osula zitsulo, osoka nsapato kapena ophika buledi, ankakhala ndi bungwe lawo lovomerezedwa ndi akuluakulu a mzinda kapena mfumu. Bungwelo linali ndi malamulo olembedwa, mkulu wake wotchedwa oldermand, ndi mphamvu pa nkhani ya amene angagwire ntchitoyo mumzindamo. Mfumu Christian IV yomweyo inathetsapo mabungwewa mu 1613, n'kudzawalolanso mu 1621. Makaputeni anali ndi chifukwa china chapadera chogwirizanirana: ntchito yawo inkapha. Munthu ankanyamuka ndi sitima kupita ku Norway, ku Iceland kapena ku nyanja ya Mediterranean, osabwerako, kusiya mkazi ndi ana. N'chifukwa chake kuthandiza amayi amasiye ndi makaputeni okalamba kunali pamtima pa bungweli, mpaka linadzakhala ndi nyumba zoti anthu oterewa azikhalamo. Choncho mukamafufuza za gulu lanu, funani zinthu zinayi zomwezi: malamulo, atsogoleri, mamembala, ndi kumene ndalama zinkapita.

Yambani ndi bokosi. Mabungwe a ku Denmark ankasunga malamulo, mabuku, chidindo ndi ndalama m'bokosi la bungwe, ndipo mabokosi ambiri anali ndi maloko angapo kuti munthu mmodzi asatsegule yekha, ngati mmene amachitira amayi a banki m'khonde. Msonkhano unkayamba bokosi likatsegulidwa, ndipo likakhala lotsegula kutukwana ndi ndewu zinali zoletsedwa. Gulu lanu mwina lilibe bokosi lenileni, koma mapepala alipo penapake. Pitani kwa msungichuma woyamba, osati wa panopa yekha. Ngati anamwalira, pitani kwa akazi awo. Amayi ndi amene amasunga mapepala a amuna awo, nthawi zambiri m'sutikesi pamodzi ndi makadi a sikelo a ana ndi ziphaso zakale.

Lathu ndinalipeza motero. Linali kope la ana asukulu, lokulungidwa m'jumbo ya shuga, chikuto chakumbuyo chitadyedwa ndi mphemvu. Masamba oyamba analembedwa ndi bolopeni ya buluu yomwe inayenderera madzi atalowa, moti mayina ena anangotsala zilembo zoyamba. Masamba apakati analembedwa ndi pensulo, ndipo amawerengeka bwinobwino mpaka lero. Pamzere wina panalembedwa kuti "mafuta okasakira mnzathu, malita 20", popanda dzina la mnzathuyo, popanda tsiku. Mzere umodzi umenewu ndi umene unatitsegulira nkhani ya boti lomwe linatembenuka ndi mwera, nkhani yomwe achinyamata a m'gulu lathu anali asanaimvepo.

Mukapeza kope lotere, musalimate ndi selotepi ndipo musapite nalo kokalimata pulasitiki ya moto ija. Zonse ziwiri zimawononga pepala, ndipo simungazichotsenso. Ngati ndi lonyowa, liyanikeni pamthunzi podutsa mphepo, osati padzuwa. Kenako lijambuleni ndi foni tsamba lililonse, kuyambira pachikuto, ngakhale masamba omwe akuoneka opanda kanthu, chifukwa m'mphepete mumakhala timanambala ndi timayina. Jambulani masana pakhonde, foni itayang'ana pansi mowongoka, chala chisaphimbe mawu. Mukatha, bwezani kopelo kwa mwini wake tsiku lomwelo. Izi n'zofunika kwambiri. Mayi akaona kuti mwabweza, mawa akutulutsirani chithunzi chomwe anabisa lero.

Zithunzizo zisakhale m'foni imodzi. Mzinda wa Copenhagen unapsa koopsa mu 1728, unapsanso mu 1795, ndipo mu 1807 Angerezi anauphulitsa ndi mizinga kuchokera panyanja ndi pamtunda. Mapepala ochuluka a mumzindawo anathera m'moto umenewo. Ife moto wathu ndi madzi, chiswe ndi mbava za mafoni. Amene tinaona mmene nyanja inakwerera mu 2024, kulowa m'nyumba za m'mphepete, tikudziwa kuti sutikesi ya pansi pa bedi si malo odalirika. Tumizani zithunzi kwa anthu awiri a m'gulu okhala midzi yosiyana, zina muziike pa memori khadi, zina muzitumize ku imelo.

Tsopano buku la ndalama. Ambiri amalidumpha poganiza kuti mbiri ndi nkhani za namondwe ndi za ukatswiri wa makaputeni. Ine ndimati khalitsani pa ndalama, chifukwa gulu limaonekera pa chimene linkalipirira. Chitsanzo chabwino chili ku Denmark komweko. M'zaka za m'ma 1600 ndi 1700 sitima zopita ku Mediterranean zinkagwidwa ndi achifwamba apanyanja ochokera ku Algiers, Tunis ndi madoko ena a kumpoto kwa Africa, ndipo amalinyero ankagulitsidwa ukapolo kufikira wina atawaombola. Mu 1715 ku Copenhagen kunakhazikitsidwa thumba lotchedwa Slavekassen loombolera anthu amenewa. Amalinyero ankadulidwa kangachepe pamalipiro awo, eni sitima ankaperekanso, ndipo m'matchalitchi munkasonkhedwa ndalama. Munthu wowerenga za thumba limeneli amadziwa nthawi yomweyo chimene amalinyero a nthawi imeneyo ankaopa akamanyamuka.

Chitani chimodzimodzi ndi kope lanu. Tengani pepala lalikulu, mulembe ndalama iliyonse yotuluka ndi chifukwa chake: chipepeso, bokosi la maliro, mafuta okasakira munthu, kuombola injini yolandidwa, chindapusa, chithandizo cha kuchipatala. Mukatha muona nokha kuti zaka zina gulu linkalimbana ndi ngozi, zaka zina matenda, zaka zina kukangana ndi oyang'anira zausodzi. Pambali pa ndalama iliyonse yesetsani kulemba mtengo wa lita imodzi ya petulo kapena wa ndowa ya usipa m'chaka chimenecho, mofunsa akuluakulu kapena moona m'kope momwemo. Kwacha yasintha mphamvu kambirimbiri, ndipo mwana wa lero akawerenga kuti mayi wamasiye analandira K500 adzaganiza kuti gulu linali louma manja. Mukapeza mapepala olembedwa mapaundi ndi masheleni, dziwani kuti ndi akale kuposa 1971, chaka chomwe kwacha inayamba.

Mapepala akatha, pitani kwa anthu. Musayambe ndi kulowa m'nyumba ya mkulu ndi foni m'manja. Dzerani kwa amfumu ndi kwa wapampando wa komiti ya padoko, munene cholinga chanu, kuti mawa pasamveke zoti mukulemba mayina a anthu oti mukawapereke kuboma. Sankhaninso nthawi. M'mawa maboti akamakocheza aliyense ali pa ndalama, sangakumvereni. Nthawi yabwino ndi masiku a mwezi wowala, pamene a usipa sapita ndi nyali panyanja, kapena miyezi ya Juni ndi Julayi mwera ukalimba maboti ali pamtunda. Lachisanu dikirani anthu abwereko kumzikiti. Tengani kashuga kapena sopo monga mmene mungachitire pokaona agogo anu, koma musalonjeze ndalama, chifukwa nkhani yogula imakula mopitirira.

Funso loyamba lisakhale lakuti "gulu linayamba liti?" Mkulu adzakupatsani chaka chongoganizira kuti musabwerere chimanjamanja. Ine ndimayamba chonchi: "Agogo, inu chiwongolero anakugwiritsani koyamba ndani?" Pamenepo nkhope imamasuka. Atchula dzina, atchula boti, atchula doko, ndipo kuchokera pa dzinalo mufunsa kuti nayenso anaphunzira kwa yani. Mukatero mupeza mzere wa aphunzitsi ndi ophunzira wobwerera m'mbuyo mpaka nthawi ya maboti a thanga. Funsani za zizindikiro zomwe ankayendera usiku kusanabwere mafoni: phiri liti, nyenyezi iti, kuwala kwa mudzi uti. Funsani mmene ankadziwira kuti mwera ukubwera, kusiyana kwake ndi mpoto ndi vuma. Funsani za siginala wodziwika wa nthawi yawo, katswiri uja woongolera asodzi anzake pomwe pali nsomba. Akakhala chete musathamangire funso lina. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo nkhani ya mnzawo amene anamira imabwera pambuyo pa chete wotere.

Zaka muzipeza pomangirira nkhani ku zinthu zomwe aliyense amakumbuka. Kodi zinachitika tisanalandire ufulu mu 1964 kapena titalandira? Nyanja itasefukira mu 1980? Chilala cha 1992 chisanafike? Nthawi ya chisankho cha 1994, njala ya 2002, kapena namondwe wa Freddy mu 2023? Amayi amathandiza kwambiri apa, chifukwa amati "ndinali ndi pakati pa mwana wachiwiri", ndipo chaka cha mwanayo chili pachiphaso. Mkulu akamalankhula Chiyao, jambulani mawu ake m'Chiyao momwemo ndipo mulembe momwemo, kumasulira kubwere pambuyo. Pemphani chilolezo musanatsegule chojambulira mawu, ndipo kumayambiriro nenani tsiku, malo ndi amene mukucheza naye.

Musaiwale amayi a pamathandala, oyanika ndi ogulitsa nsomba. Iwo amadziwa boti lomwe linkabweretsa nsomba zambiri, kaputeni amene ankalipira anyamata ake bwino, ndi amene ankawabera.

Gwero lachitatu ndi mabuku a anthu akunja kwa gulu, makamaka otolera msonkho. Ku Denmark ofufuza za makaputeni ali ndi mwayi waukulu. Kuyambira cha m'ma 1429 mpaka 1857, sitima zodutsa pa Øresund, kampata ka nyanja kolowera ku Baltic, zinkaima pa Helsingør n'kulipira msonkho kwa mfumu ya Denmark. Alembi ankalemba tsiku, dzina la kaputeni, kwawo, doko lomwe wachokera, katundu wake ndi ndalama zomwe walipira. Buku lakale kwambiri lomwe lilipo ndi la 1497, ndipo kuyambira 1574 mabukuwa alipo pafupifupi onse. Muli maulendo pafupifupi 1.8 miliyoni, ndipo pano anaikidwa pa intaneti moti munthu amangolemba dzina la kaputeni n'kuona maulendo ake. Alembi amenewo ankangofuna ndalama za mfumu, koma ndi amene anasunga mayina a makaputeni omwe sanasiye kalata ngakhale imodzi.

Kwathu kuno funsani mabuku a komiti ya padoko. Makomitiwa anayambira kunyanja ya Malombe mu 1993, ndiye ena ali ndi makope a zaka zoposa makumi atatu. Ofesi ya zausodzi imachita kalembera wa maboti ndi zida m'madoko, ndipo imapereka ziphaso. Ku Monkey Bay kuli sukulu ya zapamadzi ndi doko la Ilala, sitima yomwe inapangidwa ku Scotland mu 1949 n'kuyamba kuyenda panyanja yathu mu 1951, ndipo opuma ntchito ambiri a m'sitima amakhala komweko. Mishoni za Anglican ku Malindi ndi ku Mpondasi zinali pakati penipeni pa nkhani za sitima, monga Chauncy Maples yomwe inayamba kuyenda mu 1901. Zakale kwambiri zili ku National Archives ku Zomba ndi ku laibulale ya Society of Malawi ku Mandala mu Blantyre. Pitani ndi kalata yochokera kwa wapampando wanu yonena chimene mukufuna, ndipo tengani pensulo, chifukwa malo osungira zakale salola bolopeni pafupi ndi mapepala. Koma musanakwere basi, yambani mwalowa mu Lake Malawi Museum pa Boma pompano. Ambiri timangoidutsa.

Mabuku a atsamunda muwawerenge ndi diso lochenjera. Pafupi ndi nsanja ya wotchi ya Queen Victoria kuno ku Mangochi pali mfuti ya sitima ya Gwendolen, yomwe mu Ogasiti 1914 inakawombera n'kuwononga sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, ku Sphinxhaven, komwe lero ndi Liuli ku Tanzania. Dzina la Kaputeni Rhoades, woyendetsa Gwendolen, limatchulidwa paliponse pomwe nkhaniyi yalembedwa. Koma sitima za nthunzi zinkayenda ndi nkhuni, ndipo odula nkhunizo, osonkhezera moto, oponya nangula ndi odziwa miyala ya pansi pa madzi anali anthu akuda a m'mphepete mwa nyanja muno. Pansanja ya wotchi pomwepo palinso chikumbutso cha sitima ya Vipya, yomwe inamira pa 30 Julayi 1946 kumpoto kwa nyanja n'kupha anthu 145. Zimandiwawa kuti nambalayo timaidziwa koma mabanja ambiri a anthuwo sitingawatchule. Mkulu akakuuzani kuti bambo ake kapena amalume ake ankagwira ntchito m'sitima inayake, lembani dzinalo mokwanira, mudzi wake ndi mfumu yake, ngakhale zikuoneka kuti sizikukhudza gulu lanu. Mwina palibenso pena pomwe dzinalo lidzalembedwe.

Pali zina zomwe gulu silidzafuna kuti zilembedwe. Sitima za ku Denmark zinkanyamula akapolo kuchokera ku gombe la Ghana ya lero, komwe Denmark inali ndi linga la Christiansborg, kupita nawo kuzilumba zake za ku West Indies. Lamulo loletsa malondawa linasainidwa mu 1792 koma linayamba kugwira ntchito mu 1803. Wolemba mbiri ya zapamadzi ya dziko limenelo moona mtima sangalumphe zimenezi. Nafenso nyanja yathu inawolotsapo akapolo m'zombo za thanga, kuchokera kwa Jumbe ku Nkhotakota ndi m'madoko a kuno kummwera, ndipo Fort Johnston, yomwe ndi Mangochi wathuyu, inamangidwa mu 1891 pofuna kuthetsa malonda omwewo. M'gulu lanu zowawa zidzakhala zazing'ono poyerekeza ndi izi, komabe zilipo: msungichuma amene anathawa ndi thumba, boti lomwe linamira chifukwa chonyamula mopitirira muyeso, mayi wamasiye amene sanalandire chake chifukwa mwamuna wake anali ndi ngongole ya miyezi iwiri. Zilembeni. Ngati munthuyo kapena ana ake ali moyo, chotsani dzina koma nkhani ikhale, ndipo mulembe lamulo lomwe gulu linakhazikitsa pambuyo pake. Malamulo ambiri a magulu athu anabadwa pa tsiku loipa, ndipo wachinyamata akadziwa tsikulo salinyoza lamulolo.

Samalaninso kwambiri ndi zaka zomwe zinthu zinasintha kuchokera kunja. Mu 1857 Denmark inakhazikitsa lamulo la ufulu wa ntchito ndi malonda, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 1862, ndipo mabungwe akale aja anataya mphamvu yoletsa munthu kugwira ntchito. Ambiri anatha. La makaputeni a ku Copenhagen linapitirira ngati bungwe lolowa mwakufuna, ndipo ntchito yosamala okalamba ndi amasiye inapitirira nalo. Ine ndimaona kuti chimenechi ndicho chinalisunga. Pa gulu lanu funsani kuti chinachitika n'chiyani injini zitayamba kuchuluka, msewu wa tala utafika n'kulanda maboti anthu okwera, chambo chitachepa ku Malombe, mafoni atabwera. Ndani anatuluka m'gulu, ndani anatsala, ndipo otsalawo ankatsalira chiyani?

Kulemba kwenikweni sikovuta mukakhala ndi zonsezi. Gulani buku la chikuto cholimba. Masamba oyamba mulembe mndandanda wa zaka, chaka chilichonse mzere wake, ndipo pambali pa mfundo iliyonse muonetse kumene mwaitenga: kope la msungichuma, pakamwa pa agogo akutiakuti, buku la komiti. Akuluakulu awiri akasiyana, lembani mawu a onse awiri, musasankhe amene mumamukonda. Kenako lembani nkhaniyo m'Chichewa chomwe anthu amalankhula padoko, mitu yaifupi yoti munthu awerenge atakhala pamphepete mwa boti. Musanasindikize, itanani msonkhano muwerenge mokweza kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Padzakhala phokoso. Wina adzati, "Alembi, pamenepo mwalakwitsa, injini yoyamba sinali ya amenewo." Lembani zokonzazo pomwepo, ndipo wapampando asaine kuti gulu lamva ndi kuvomereza. Sindikizani makope osachepera anayi: la gulu, la amfumu, la sukulu ya pafupi, ndi lina mukapereke ku museum.

Kuyambira msonkhano umenewo, aliyense wolowa m'gulu azilembedwa patsamba lakelake: dzina lonse, mudzi, mfumu, chaka chobadwa, dzina la boti ndi mwini wake, mtundu wa injini, amene anamuphunzitsa, ndi wachibale woti adzalandire chithandizo zovuta zikagwa. M'munsi musiye malo a tsiku lomwe adzasiye ntchito ndi chifukwa chake. Lembani ndi pensulo yolimba kapena bolopeni yakuda yosayenderera, ndipo kumapeto kwa chaka chilichonse mlembi ajambule masamba atsopano n'kuwatumiza kwa anthu awiri aja.